Supu wa a Hinnerk Thode

A Hinnerk Thode tawaika m'manda sabata yatha ali ndi zaka 84, ndipo abusa anati anali ngwazi ya pankhondo. Ine ndinatsokomola dala. Ungwazi wake uti? Tinali m'sitima imodzi, ndikuwadziwa bwino.

Sitima yathu inali imodzi mwa zoyambirira zija zoyenda pansi pa madzi, nkhalamba yoyendera palafini. Ikavuuka inkafuka utsi woyera woti Mngelezi, mdani wathu, akanationa ali khale pakhonde pake. Choncho mu 1915 akuluakulu anaisiya padoko lakwathu la Kiel kuti iziphunzitsa asilikali atsopano kumira ndi kuvuuka. M'mawa timire, madzulo aliyense kwa mkazi wake. Ine zinkandikomera. A Hinnerk, khukhi wathu, zinkawawawa. Ankafuna mendulo.

"Ndiziphikira anthu osanza mpaka liti?" ankadandaula.

"Achimwene, mendulo sapaka pa buledi," ndinkawayankha.

Kenaka kaputeni wa sitima yatsopano ya dizilo, yopita kunkhondo yeniyeni, anasowa khukhi. A Hinnerk anadzipereka. Akazi awo, mayi Wiebke, analira masiku awiri, poti sitima zimenezo zambiri sizinkabwerako. Kaputeniyo anati abwera kudzalawa kaye.

A Hinnerk anaphika supu wa nsawawa ndi soseji, natilawitsa tonse. "Uyu ndi wa paukwati!" tinatero, ndipo sitinkanama. Kungoti zaka zitatu tili m'chitini cha sitima chija, buledi, khofi, ndevu zathu, zonse zinali palafini yekhayekha. Mphuno zinafa kalekale, malilime omwe.

Kaputeni anamwa sipuni imodzi. Maso anangoti psuu.

"Bambo inu, uyu ndimwe kapena ndithire m'nyale?"

"Bwana, wachepa mchere?" anafunsa a Hinnerk, akutambasulira dzanja ku chitini cha mchere.

"Amene wadya zimenezi asayandikire fodya!"

Kaputeniyo anakwera makwerero akulavula, ndipo anakatenga khukhi wina.

A Hinnerk sanatilankhule sabata yathunthu, ati tinawanamiza dala. Nkhondo yonse anaithera pa Kiel pomwepo, akutukwana mphika womwewo, ndipo pamoyo wawo anabereka ana asanu ndi awiri. Koma Lamlungu la sabata imeneyo mayi Wiebke anatiitana tonse, anatiotchera bakha, botolo la palafini ataliika pakati pa tebulo ngati maluwa. Amuna awo anakhala kumapeto, mlomo uli ndwii.

"Kwiyani ndithu, bambo," anatero mayiwo akuwagawira ntchafu, "bola muzikwiyira pakhomo pano."