Phale la ku Sirafu

Fungo la ndimu zouma likandipeza paliponse, mtima umabwerera ku Al Mankhool, mumzinda wa Dubai, pakhomo loyang'anizana ndi lathu, pomwe agogo a Mariamu ankaphika nsomba, utsi wa lubani ukutulukira pansi pa chitseko n'kudzaza khonde lonse. Sanali agogo anga enieni. Anali mayi wokalamba wochokera kutsidya kwa nyanja, ku Irani, m'tauni ya Sirafu, ndipo mayi anga akamapita kuntchito kuhotela ankandisiya m'manja mwawo.

Sirafu sankachoka pakamwa pawo. Ankati kalekale, zinyumba zazitali za ku Dubai zisanalotedwe n'komwe, zombo za kwawo zinkapita ku China kukatenga mbale, zina n'kumatsikira kugombe la Africa kukagula minyanga ndi matabwa. Kenako chivomezi chinagwetsa mzindawo, amalonda n'kusamukira kwina. Ine ndinkangogwedeza mutu, maso ali pa zipatso za kanjedza zimene zinali patebulo.

Mayi anandilera Chimalawi, kuti mwana wamkazi sadikira kuuzidwa kusesa kwa akuluakulu. Tsiku lina agogo akupemphera kuchipinda, ndinagwira tsache. Pawindo ndinapezapo phale lobiriwira, loti kwathu ngakhale nkhuku sizingamweremo. Ndinaliponya m'thumba la zinyalala, n'kutsika nalo kukataya m'bini yaikulu ya panja, ndipo ndinabwerera monyadira kudzadikira kuyamikiridwa.

Agogo atatuluka anayang'ana pawindo, nakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mwanangu, lija linali la mbale ya ku China. Bambo anga analitola m'mabwinja a mzinda wathu. Zakwathu zonse zimene ndinabwera nazo kuno ndi zomwezija."

Ndinachita manyazi osaneneka, komanso mantha chifukwa galimoto yotola zinyalala inali pafupi kufika. Ndinathamangira kwa a Phiri, mlonda wa nyumba yathu, kwawo ku Chipata.

"Wataya golide kapena, iwe mwana?"

"Phale, bambo."

"Phale chabe? Vinthu va ku Dubai ivi. Yalla, tiye."

Anapendeketsa bini ija dzuwa likuswa mtengo, ine n'kulowamo theka la thupi, m'kati mwa mitu ya nsomba ndi mpunga wosasa. Matumba onse anali akuda, ofanana ngati nyemba. Galimoto inafika, dalaivala n'kuyamba kuliza hutala, koma a Phiri anakaima kutsogolo kwake ndi yunifomu yawo, dzanja lili m'mwamba, ngati alamulidwa ndi boma. Ndinang'amba thumba lachisanu, lachisanu ndi chimodzi. Phalelo ndi limene linandipeza, linandicheka chala chachikulu.

Ndinakwera masitepe ndikununkha, magazi ali chuchuchu, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza mpaka anthu anasuzumira m'makomo. Agogo analandira phale lawo ndi manja awiri, nalipsompsona lisanatsukidwe, kenako anaseka mpaka misozi.

"Chivomezi chinalephera, zaka mazanamazana zinalephera, ndiye tsache la ku Malawi lingathe? Khalas, basi zatha, bwera ndikumange chalacho."

Agogo anatisiya ndili kusekondale, ndipo phale linapita ndi ana awo. Ine ndinatsala ndi chipsera. Ana anga akachigwira n'kufunsa kuti chinandicheka n'chiyani, sindinena kuti ndi zinyalala. Ndimawakhazika pansi, n'kuyambira pa zombo.