Mapichesi a Apongozi Anga

Chaka chomwe amuna anga anapita ku Joni, ntchito yothyola mapichesi inatsalira ine ndi apongozi anga aakazi. Mitengoyo inali kuseri kwa nyumba yawo, ndipo amene anaibzala ndi malemu amuna awo.

Tinathyola Lachitatu mvula itangokata, nkhungu isanachoke paphiri la Dedza, chifukwa wogula wa ku Lilongwe anati abwera Loweruka. Zipatsozo zinali zosalala, zopanda banga. Apongozi anati madengu onse akhale kwanga poti nyumba yanga ndi yamalata.

Lachisanu m'mawa ndinamva kafungo ngati ka mowa wosasa. Ndinavundukula dengu loyamba. Mapichesi apakati anali ndi mabanga ofiirira, ofewa, ndipo pamwamba pake panali patamera chuku chotuwa ngati phulusa. Lililonse logundana ndi lowola linali litayambanso.

Ndinakawaitana apongozi. Anasuzumira m'dengumo.

"Munawathira madzi?"

"Ayi, amayi."

"Nanga zaka zonsezi bwanji sanawolepo chonchi? Alowa m'nyumba mwanu masiku awiri okha."

Tinasankha abwino, koma pofika Loweruka enanso anali atagwidwa. Wogula uja anatola limodzi, kulidinikiza ndi chala, n'kukwera galimoto yake osagula. Sabata yonseyo azilamu anga ankandiyankha moni ndi mutu wokha.

Ndinapita ndekha kukawatenga alangizi a zaulimi, ndikuopa kuti mwina nawonso andiloza chala. Iwo sanalowe n'komwe m'nyumba mwanga. Analunjika kumitengo, n'kuthothola chipatso chouma, chakuda, chokwinyika, chomwe chinakanirira panthambi kuyambira chaka chatha.

"Amayi, matenda amagona umu," anawauza apongozi. "Mvula ikagwa amafalikira kuzipatso zatsopano. Mumathyola pichesi looneka bwino, koma lalowedwa kale. M'dengu limangomalizika."

Anati tichotse zouma zonse, tikwirire zogwa pansi, ndipo nthambi zodwala zidulidwe.

"Mitengo imeneyi sinalawepo chikwanje chibzalireni mwini wake," anatero apongozi.

Alangizi atapita, apongozi anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkangozungulira pabwalo, osadziwa ngati ndiwayankhule. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi sowo yadzimbiri. Anandipatsa osandiyang'ana kumaso.

"Muyambe ndi uwo wa kumpanda. Ine ndikugwirirani makwerero."