Mmene Ndinakhalira Katundu wa Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anayamba kupalasa kabaza pa Muloza ndevu zisanamere. Nthawi imeneyo anali ouma ngati phaso la bulugamu, moti akaima cham'mbali galu wawo ankawasowa n'kuyamba kulira. Ndinaona ndi maso angawa. Ankanyamula amayi a geni ndi matumba awo a nandolo, kukwera zitunda zonse za m'minda ya tiyi osatsika panjinga, ndipo pa akatumba a miyendo yawo munthu ukanatha kunolerapo chikwanje.

Kenako anagula njinga yamoto. Kuyambira pamenepo mapazi awo anasiyana nalo dothi la Mulanje. Kukagula mchere pa okala ya kuseri kwa nyumba, ankaliza njinga. Kutchalitchi, kumene belu lake limatigonthetsa tili pakhonde, ankapita pa njinga. Mimba inayamba kutsogola, mwini wake n'kumafika pambuyo, ndipo anthu amene kale ankangoti "akabaza, tabwerani" anayamba kuwatchula bwana.

Bwana uja anayamba ludzu losatha ndi kutopa kopanda ntchito. Kuchipatala ku Boma anawapeza ndi matenda a shuga n'kuwapatsa mapiritsi. Patapita miyezi shugayo sanatsike, ndiye achemwali anandituma kuti ndiwaperekeze, chifukwa alamu akapita okha ankabwerako ndi mawu okoma okhaokha, owawa ankawasiya pa siteji ya minibasi.

Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, wosazungulira polankhula.

"Bambo, ulendo winawo tikapeza chimodzimodzi, tiyamba jakisoni. Wa tsiku ndi tsiku, wodzibaya nokha."

Apa ndiyenera kufotokoza. Alamu anga anawolokapo mtsinje wa Muloza utadzaza, njinga ili pamutu. Koma singano ayi. Tsiku la katemera wa mwana wawo woyamba anakomoka ndi iwowo, mwana akuseka. Mpaka lero achemwali akafuna kusoka batani amakabisala kukhitchini. Ndiye atamva za jakisoni, nkhope yawo inatuwa ngati phulusa.

"Adokotala, izi n'zakumtundu," anatero. "Mayi anga anapita nazo, amalume anga chimodzimodzi. Nanga munthu n'kusintha magazi?"

"Kwanu alipo anagwirapo ntchito pa esiteti?"

"Bambo anga. Ankathyola tiyi."

"Ndiye mukudziwa. Antchito amakhala omwewo, koma amene atuluke m'nyumba m'mawa zimatengera kuti kapitawo waitana ndani. Zimene munatengera kwa makolo zili m'thupimo ndipo sizichoka. Koma zina zili maso, zina zili mtulo. Minofu ikamagwira ntchito mpaka mtima kugunda ndi thukuta kutuluka, imadzutsa zija zimene zimathandiza kulowetsa shuga m'minofu n'kumugwiritsa ntchito. Insulini, wolowetsa shugayo m'minofu, muli naye, akugogoda, koma zitseko sizikumumva bwino. Muziyenda ndawala tsiku lililonse, ziyamba kumva. Mukaleka masiku ochepa, antchito aja agonanso."

"Aulesi ngati alamu angawa," anatero alamu akundiloza, chonsecho ine ndinali nditawanyamulira chipewa.

Adokotala anawauzanso kuti mapiritsi asasiye, ndipo shuga wa mu tiyi achepe. Zimenezo achemwali anazigwira okha. Kuyendako n'kumene kunavuta.

Kwathu munthu wamkulu sayenda ndawala popanda chifukwa. M'mawa woyamba alamu anatuluka akuponya manja, asanafike n'komwe pamjigo amayi onse anasiya zidebe. "Kwagwanji, bwana?" Mayi wina wachikulire anayambiratu kulira, za amene wamwalira anati afunsa pambuyo. Sindikuwonjezera. Madzulo ake kunabwera anthu awiri ndi nkhuni za pamaliro.

Atawafotokozera kuti kulibe zovuta, vuto linasanduka moni. Munthu sungadutse mnzako wamkulu uli liwiro ngati wakuba nkhuku. Umaima, kuvula chipewa, kufunsa za iye, za akunyumba, za ana, za chifuwa chimene anadwala chaka chatha, kenako nayenso akufunse zako. Alamu ankachoka dzuwa likutuluka, kufika pamlatho dzuwa lili pamutu, thukuta lokhalo linali la m'manja chifukwa chogwirana chanza.

Ndiye panali anyamata a kabaza, ambiri a iwo ophunzitsidwa ndi iwo omwe. "Bwana, njinga yatani? Kwerani, ulere!" Kukana n'kunyoza. Tsiku lina anachoka wapansi n'kubwera atakwezedwa, anyamata akulimbirana kuti awanyamule ndani. Mphekesera inafika mpaka ku Thuchila kuti bwana agulitsa njinga, zinthu zawavuta.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, atagwira tsaya.

"Angondibaya basi, alamu," anatero. Tsiku limenelo sindinawaseke, ngakhale ndinali nditakonzekera.

Achemwali anali akusankha kalongonda m'lichero. Anafunsa osatukula mutu: "Kodi nthawi imene munkapalasa ija, mukanyamula katundu munkaima kupereka moni?"

"Ayi. Kungoliza belu basi. Aliyense amadziwa kuti munthu ali pantchito."

"Nanga alipo ankakuuzani kuti kwerani, muli kale panjinga?"

Tinatsitsa kabaza wakale kudenga kumene ankasungira akangaude. Tinapopa matayala, kuthira mafuta tcheni, kukung'untha khushoni. Njinga yamoto anaiimika kutsogolo kwa nyumba, yotsukatsuka, kuti a ku Thuchila aone kuti ilipo.

"Nanga katundu wake?" anafunsa alamu.

Achemwali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuchedwa pang'ono pakati. Ine si wonenepa. Ndinangobadwa ndi malo ambiri.

Basi ntchito inandipeza. M'mamawa uliwonse, kaya kuli chiperoni kaya kwayera, ndinkakhala pakhushoni, alamu n'kumapalasa msewu wa fumbi umene umakwera m'minda ya tiyi kuloza kuphiri. Masiku oyamba ankapuma ngati chigayo cha dizilo, moti othyola tiyi ankatembenuka kuona ngati kukubwera thirakitala. Ine ndinkachita mbali yanga mokhulupirika.

"Adzutseni antchito, alamu! Kapitawo wagona kodi?"

"Khalani chete. Katundu salankhula."

"Thumba la nandolo linkakulimbikitsani chonchi?"

"Thumba la nandolo ndinkalisiya pamsika osalionanso."

Belu linagwira ntchito yake. Palibe anatiimitsa. Koma anthu a kwathu sangaone chinthu osachipezera mutu wake. Munthu wanyamula mlamu wake m'mamawa, tsiku ndi tsiku, njinga yamoto waisiya kuopa kumugwedeza: ndiye kuti mlamuyo akudwala, ndipo akudwala kwambiri. Anayamba kubwera kudzandizonda. Wina mkoko wa nthochi, wina nanazi, wina mapeyala, a kumpingo nkhuku yamoyo. Ndinayesa kunena zoona, iwo n'kumagwedeza mutu kuti taonani kulimba mtima kwake. Kubweza mphatso ya munthu wodzazonda matenda n'chipongwe, ndiye ndinkadya. Ndinkadyera alamu anga. Iwo akamazolowera chitunda, ine ndinkawawonjezera mankhwala. Panafika poti tayala lakumbuyo linkalira ndisanakwere, likangondiona.

Alamu anasintha. Lamba anabwerera pa bowo lake lakale. Tulo ta masana tinatha. Mvula ikatitsekera m'nyumba masiku angapo, ankazungulirazungulira pakhonde n'kumati, "Agonanso anthu aja," ndipo kukangocha bwino ankandigogodera ine nkhuku zisanatsike.

Tsiku lobwerera ku Boma tinasiya kabaza kwa mnzathu wa golosale pa siteji n'kukwera minibasi. Poyeza shuga amabaya chala, ndiye monga mwa nthawi zonse ndinawagwira alamu mutu n'kuwayang'anitsa kukhoma ngati mbuzi yomwetsedwa mankhwala. Adokotala anayang'ana zotsatira, anavula magalasi, anawavalanso.

"Watsika, bambo. Sanafike pamene tikufuna, koma jakisoni ayambe wadikira. Mapiritsi pitirizani. Mwachita chiyani?"

Alamu anapumira m'mwamba, mpweya umene ndikukhulupirira kuti anaugwira kuyambira pa Muloza. Kenako anafotokoza zonse, za mjigo, za moni, za belu, n'kumaliza ndi kundiloza: "Katundu wake ndi ameneyu."

Adokotala anandiyang'ana mmene anandiyang'anira achemwali tsiku lija.

"Katunduyu tinamuyezapo?"

"Ine ndangoperekeza, adokotala."

"Bweretsani chala."

Alamu anadzipereka kundigwira mutu, ngakhale sindinapemphe, iwo atatsinzina. Zotsatira zinati matendawo sindinalowemo, koma ndaima pakhomo penipeni, dzanja lili pachitseko. Mankhwala ake anali omwe aja: thukuta.

Titatsika minibasi n'kutenga kabaza, ndinapita kumbuyo monga mwa chizolowezi. Ndinapeza pakhushoni pali kale munthu, chipewa chili pamaso, manja atapinda pa kamimba kamene kanatsala.

"Palasani, alamu."

"Nanga inu antchito anu sagona?"

"Tizigawana. Pena inu, pena ine. Koma lero wodwala watsopano ndinu, chitunda n'chanu."

Ndinapalasa. Pofika pakati pa chitunda ndinaona makolo anga onse, mpaka aja anachokera ku Mozambiki, atandandalika m'mbali mwa msewu akundiyang'ana mwachisoni. Kumbuyo kwanga katundu anakonza kukhosi.

"Adzutseni antchito, alamu."

"Katundu salankhula."

"Uyu amalankhula. Lizaninso belu, akubwera apowo ndi abusa."