Mphindi Zitatu za a Tamala

Ndinaganiza zochoka tsiku lomwe ndinagulitsa nsapato zanga za ukwati pa Msika wa Tsoka kuti mwana asabwezedwe kusukulu. Mphunzitsi wa zaka khumi ndi ziwiri pantchito, kumanenerera mtengo ndi anyamata a kaunjika. Mwezi wotsatira ndinali m'basi ya ku Botswana.

Ku Gaborone ndalama zinalipo, koma ndinkadya ndekha ngati mfiti. Mkazi wanga ankaimba foni Lamulungu lililonse, nkhani kuyambira pa moni, kuthera pa fizi. Chomwe chinkanditonthoza chinali Lachitatu masana. Aphunzitsi tinkakhala mozungulira, mmodzi n'kubweretsa makope a ana omwe amukanika. Ankafotokoza kwa mphindi zitatu, kenako n'kukhala chete, ife n'kumakambirana vuto lakelo mmodzimmodzi, wotchi ili patebulo. Wodula mnzake mawu panalibe, ndipo ahedi ankayankhula pomalizira. Kumeneko ndinaulula kuti kuphunzitsa ana kuwerenga kunkandivuta. Palibe anandiseka, anandithandiza.

Patatha zaka zisanu chilolezo changa chogwirira ntchito chinatha, ndinabwerera kumudzi. Ndinapeza ntchito pasukulu ina yapulaiveti ku Area 14, komwe ana amabwera pagalimoto, aphunzitsi wapansi. Paja amati kuyenda n'kuona, ndiye ndinkadziona wanzeru. Ndinapempha a Gondwe, eni sukuluyo, kuti tiyese njira ija.

"Nzeru yabwino imeneyo, a Banda," anatero. "Nanenso ndizikhalapo."

Milungu iwiri palibe anabweretsa kope. Aliyense ankati kalasi yake ili bwinobwino. Ndiye ndinanyengerera a Tamala, mphunzitsi wa sitandade 3, mayi wa ana atatu yemwe ankayenda kuchokera ku Chinsapo.

"Achimwene, kontirakiti yanga ikutha temu ino," anandiuza. "Mukufuna ndidziyalutse pamaso pa abwana?"

"Zokambidwa mmenemo zimathera mommo," ndinawalonjeza, ngati sukuluyo inali yanga.

Anabwera ndi makope asanu ndi limodzi. Ananena mosabisa kuti anawa sakutha kuwerenga ndipo iwo nzeru zawathera. Nthawi itakwana anakhala chete. Anzathu anangozyolika, aliyense kudikira amve kaye maganizo a abwana. A Gondwe anasunga lamulo, sanadule munthu mawu, ankangolemba m'kabuku. Temu itatha, zomwe analembazo zinali m'kalata yochotsa a Tamala ntchito, liwu ndi liwu.

Ine ndikadali pasukulu pomwepo. Kuyankhula ndinaopa, nanenso ndili ndi ana, ndipo manyazi ake sandichoka. Lachitatu timakhalabe mozungulira, wotchi patebulo, aliyense kuyamikira kalasi yake mphindi zitatu.

Mwezi watha ndinawapeza a Tamala pa Tsoka, atayala nsapato za kaunjika pasaka. Ndinayamba kupepesa. Anandisiya ndiyankhule mpaka kumaliza, osandidula.

"Mwatha?" anafunsa. "Ndiye tapatukani pang'ono, achimwene, mukunditchingira makasitomala."