Penti Sinaume

Alamu anga a Fanuel Mbewe anali Mnyasa. Ku Kitwe masiku amenewo munthu ukanena kuti Mnyasa, anthu ankamva zinthu ziwiri: wodziwa kulemba, ndi wobadwira m'madzi. Aliyense wochokera ku Nyasalande ankamuyesa kuti anayamba kusambira asanayambe kukwawa. Chonsecho alamu anga kwawo kunali ku Dedza, kumapiri, ndipo madzi akuya kwambiri amene anawolokapo ankalekeza m'akakolo. Ine zimenezi ndinazidziwa mochedwa.

Dzina langa ndine Ignatius Sakala, ndipo ndinkagwira ntchito pansi pa mgodi. Achemwali anga a Felistus ndiwo anakwatiwa ndi a Fanuel. Kwathu ndi ku Luangwa, kumene bambo athu ankawolotsa anthu pa bwato. Achemwali, pokhala mwana woyamba, anakulira pa doko pomwepo. Ine ananditumiza ku mishoni ndili wamng'ono, moti madzi amene ndimawadziwa bwino ndi a ubatizo. Bambo atamva kuti mwana wawo, Mkatolika, akufuna mwamuna wa Chipresibeteriya, anakwinya nkhope sabata yathunthu. Atamva kuti ndi Mnyasa anamasuka. "Ndiye kuti madzi amawadziwa," anatero, n'kuvomera ukwatiwo.

Ntchito alamu anaipeza mu 1958, pa kalabu ya maboti ya azungu imene inali pa damu kunja kwa tauni. Woyang'anira pamenepo anali bwana Horace, mzungu wa khosi lofiira ndi Chinyanja chothyokathyoka. Anatulukira pa mzere wa ofuna ntchito n'kufunsa kuti Mnyasa ndani. Alamu anakweza dzanja, poti zinali zoona.

"Wena azi pala boti?" anafunsa bwanayo.

Iye ankatanthauza kupalasa, koma ka "sa" kanamugwera m'njira. Alamu, amene kwawo anakula akusema mipini ndi kupala zikopa, anayankha ndi mtima woyera: "Kupala ndimadziwa, bwana."

Bwana anapita kukatenga nkhafi, mitengo yopalasira ija. Pafupi panali boti lovundikira, penti yake itasuwuka ngati msana wa galu wa mphere. Alamu anatola chigoba cha botolo losweka n'kuyamba kupala. Pamene bwana ankabwerera, thabwa limodzi linali litayera mbee, losalala, lopanda pokandika. Bwana analisisita kawiri, nkhafi zija n'kuzitsamiritsa pa khoma. Alamu ataziona nkhafizo m'pamene anazindikira chimene anafunsidwa, koma ntchito inali italowa kale m'manja, ndipo kunyumba kunali khanda, Ruby.

Ndinene zoona, ngakhale ndimakonda kuwaseka: pa ntchito imeneyi sindinaonepo wina wowaposa. Ankayamba ndi nyali ya palafini yolavula moto, kuiyendetsa pang'onopang'ono mpaka penti yakale itachita matuza, chopalira chikutsata m'mbuyo. Akachedwa pang'ono thabwa likanapsa, koma iwo sanapserezepo ngakhale limodzi. M'makona ankalowamo ndi galasi. Akatero ankakhula ndi sandipepala, yokhakhala poyamba, yosalala pambuyo. Mipata ya pakati pa matabwa ankaikhomerera thonje n'kumata phula. Pomaliza penipeni m'pamene ankatsegula chitini cha penti, ndipo asanatero ankasamba m'manja ngati akupita ku mgonero.

Za m'madzi ankazizemba mwaluso lomwelo. Bwana akangokuwa kuti, "Fanuel, tenga boti lija pakati pa damu," alamu ankatulukira manja ali m'mwamba, ofiira mpaka m'zigongono. "Penti sinaume, bwana." Ndiye ankapita mnzawo wina wa Chibemba. Zaka zisanu ndi chimodzi penti ya alamu sinaumepo pa nthawi yolakwika.

Ku Chamboli, kumene tinkakhala moyandikana, anthu anawapatsa dzina lakuti Kaputeni. Anali ndi chipewa choyera chimene mzungu wina anataya, ndipo ankachivala popalasa njinga yawo, komwe kunali kupalasa kokha kumene ankakudziwa. Ku tchalitchi chawo, chimene chinali cha Anyasa okhaokha, anawasankha kukhala mkulu wa mpingo. Abusa akamalalikira za Yona kapena za namondwe wa pa Galileya, mpingo wonse unkatembenukira kwa alamu, iwo n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene anaziona.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mu 1964 dzina la Nyasalande linafa mu Julaye, ife tinalandira ufulu mu Okotobala, ndipo bwana Horace anamanga katundu. Potsanzika anawapatsa alamu boti lake lakale, poti Mnyasa wopanda boti ankamumvera chisoni. Analibweretsa pa lole, Chamboli yense akuthamangira m'mbuyo, n'kulivundikira pa njerwa pansi pa mtengo wa mango.

"Ba Kaputeni, tikwera liti?" anthu ankafunsa.

"Choyamba tichotse penti ya azungu," alamu ankayankha.

Inalipo yambiri. Pamwamba panali yobiriwira, pansi pake yabuluu, pansi pa yabuluu yoyera, kenako phula lakuda la mzungu wina amene palibe ankamukumbuka. Atsamunda anachoka m'boma usiku umodzi, koma pa boti lija anatenga miyezi itatu. Alamu ankapala akaweruka ndi Loweruka lonse, zipalapala zikugwera m'ndiwo za achemwali, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Atafika pa thabwa lenileni anapaka yofiira yoyambira, kenako yodera imene anati muli mkuwa, woletsa ndere ndi nkhono kumatirira. Imeneyi inkandipsetsa mtima. Mkuwa ndikumbe ine pansi pa nthaka, thukuta kamukamu, upite ku Mangalande pa sitima, ubwere m'chitini, kuti alamu aupake pa boti logona pansi pa mango!

Litatha linali lokongola moti amayi opita kumsika ankaima n'kudziyang'anirapo. Anthu anafunsanso za kukwera. Penti inali isanaume. Itauma, alamu anapezapo katsitsi ka burashi, ndipo anapala lonse n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri anati fumbi la mgodi linagwerapo. Atayamba kupala kachitatu, ine ndinapitako Loweruka masana n'kugogoda thabwa ndi chala. Linalira ngati ng'oma.

"Alamu, mukapalanso kamodzi tizidzawerenga nyuzipepala kudzera m'matabwawa," ndinatero. "Mukufuna boti kapena sefa?"

Anazimitsa nyali ija, nayang'ana ku khomo ngati achemwali ali pafupi, n'kundikokera kuseri kwa boti.

"Alamu, ine ndine wa ku Dedza."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Kwathu ku Dedza, kumapiri kuja, kulibe nyanja. Nyanja ine ndinaiona pa mapu, ku Sitandade Three. M'boti sindinalowemo chibadwire, ndipo madzi akuya ndimawaopa."

Ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Ndinaseka mpaka nkhuku zinatuluka kunsi kuja. Koma nditaona nkhope yawo kuseka kunandithera, chifukwa munthu wamkulu anali pafupi kulira.

"Ndine mkulu wa mpingo," anatero. "Sindinanenepo bodza, koma sindinakanenso. Anthu aseke, ndipirira. Koma achemwali anu? Bambo anu anandipatsa mkazi poyesa kuti ndine wa m'madzi. Akadzadziwa adzandiona bwanji? Chonde musawauze."

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo chisoni chinandipusitsa. Ndinati ndiwaphunzitsa. Lolemba lake titaweruka, achemwali atapita kumsika, tinalitembenuza boti lija, alamu n'kukhalamo ndi nkhafi ziwiri, ine ndikuwerenga mokuwa ngati kapitawo. Wophunzitsa wosadziwa, wophunzira wosadziwa. Tinapalasa fumbi la pabwalo mpaka zovala za pa chingwe zinafiira, nkhafi imodzi n'kugwetsa mango awiri. Alamu anati akumva chizungulire, chonsecho boti lili pa njerwa. Potuluka ndinaona ngati katani ya pa zenera yagwedezeka, koma ndinati ndi mphepo.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lamulungu lina a Cyril, kalaliki wa ku ofesi ya mgodi amenenso anali mlembi wa mpingo, analengeza kuti pa chikondwerero cha chaka chimodzi cha ufulu mpingo wonse ukasangalala ku damu, poti tsopano anthu akuda ankaloledwa. Kaputeni akayendetsa abusa ndi amayi a mvano pa boti lathu loyamba. Anthu anaomba m'manja. Alamu anachepa thupi sabata ziwiri zimenezo, koma botilo analimaliza bwino kuposa kale lonse.

Tsikulo ndinapita nawo ngakhale si mpingo wanga. Amuna asanu ndi atatu analitsitsa pa lole n'kulikankhira m'madzi. Linayandama mowongoka, mzere woyera wa m'mbali uli ndendende ndi madzi. Amayi anaimba nthungululu. Abusa anakwinya buluku n'kuponda mwendo umodzi m'kati. Alamu anali chilili pa mtunda, nkhafi zili m'manja.

"Penti..." anayamba.

A Cyril anagwada, nakhudza ndi chala, n'kuchionetsa kwa anthu. "Awe, ba Kaputeni, yauma sana. Two weeks pa dzuwa! Tiyeni."

Alamu anayang'ana abusa, anayang'ana amayi okalamba amene anali atafola ndi mabuku awo a nyimbo. Ine ndinkadziwa chimene ankaganiza: ulemu wawo unali mbali iyi, miyoyo ya anthu mbali inayo. Anavula chipewa chija.

"Abusa, chotsani mwendo. Abale, ine ndimadziwa kupala. Kupalasa sindidziwa. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo m'boti sindinalowemo. Mwanditcha Kaputeni seven years ine osakana. Ndikhululukireni."

Kenako alamu anatambasulira nkhafi zija kwa mlembi. "A Cyril, inu ndinu Mnyasa weniweni. Tengani."

A Cyril anabisa manja kumbuyo. "Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kumtunda kwenikweni."

Alamu anatembenukira kwa mkulu wa mpingo mnzawo. "A Nicodemus?"

"Dowa," anayankha mkuluyo akuyang'ana nsapato zake.

Abusa anachotsa mwendo wawo mwaulemu n'kutsokomola. "Mzimba," anatero. "Nyanja tinkangoimva."

Mpingo wonse wa Anyasa, anthu pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, munalibe ndi mmodzi yemwe wa kunyanja. Aliyense ankayesa kuti wakumtunda ndi iye yekha, ndipo anakhala chete zaka zonsezo kuopa anzake. Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunadzutsa mbalame tsidya lina. Amayi a mvano ankagwirana kuti asagwe.

Alamu okha ndiwo sankaseka. Maso awo anali pa achemwali, amene anali atatula dengu lawo pansi ndipo ankamangitsa chitenje m'chiuno. Anabwera n'kusolola nkhafi imodzi.

"Imodzi ikwana. Ziwirizi ndi za azungu," anatero. "Bambo a Ruby, lowani."

"Mayi a Ruby, munkadziwa?"

"Mwamuna wozungulira ngalande ya kumsika mvula ikagwa? Ndinadziwa tisanakwatirane. Ndiye tsiku lija munandidetsera zovala ndi fumbi, inu ndi mphunzitsi wanuyo."

"Nanga bwanji osanena?"

"Ndinkadikira kuti penti iume."

Alamu analowa chokwawa. Pa benchi sanakhalepo. Anakhala pansi penipeni, maso ali tsinzi, zikhatho zonse ziwiri zitagwira matabwa. Achemwali anakhala kumbuyo, nakankha kamodzi, boti n'kuchoka bwinobwino ngati la bambo athu pa Luangwa. Zaka khumi ndi ziwiri anali asanagwire nkhafi, koma mkono unali usanaiwale.

Atafika pakati ndinaona alamu akusuntha. Ndinaganiza kuti akusanza. Koma ayi, anapinda mkono wa malaya awo a tchalitchi, natulutsa dzanja kunja, n'kulilowetsa m'madzi mpaka m'phewa. Ankasisita pansi pa boti. Munthu anapala ndi kupaka maboti zaka zonsezo, koma ntchito yake anali asanaikhudzepo ili m'madzi mmene imayenera kukhala. Ine, amene ndinkatsika mgodi tsiku ndi tsiku osaphethira, misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo ndinanamizira dzuwa.

Atabwerera tinachita kuwanyamula alamu powatulutsa m'boti. Ndinawafunsa kuti damu analiona bwanji.

"Damu sindinalione, alamu, maso sindinatsegule," anatero. "Koma pansi pake m'posalala, ndipo simunalowe ngakhale dontho."

Anatola chipewa chija pa udzu, nachikuntha, n'kuwaveka achemwali pamwamba pa duku. Achemwali anawawolotsa abusa ndi amayi a mvano atatuatatu mpaka dzuwa kupendeka, alamu ataima pa mtunda akuuza aliyense wokwera kuti apukute nsapato.