Makina Opanda Giredi

Chitemwa Kayira anaphunzira za makompyuta zaka zinayi ku yunivesite, digiri yake n'kukaikoleka pakhoma kwa amayi ake ku Rumphi, koma ku Capital Hill panalibe yemwe ankamudziwa kuti ndi injiniya. Ankangoti "uja wa makompyuta uja". Pulinta ikameza pepala, itanani wa makompyuta. Foni ya abwana ikadzaza ndi mavidiyo a ukwati, itanani wa makompyuta. Tsiku lina mpaka anamuitanira ketulo yokana kuwira, poti nayonso ili ndi waya. Iye ankapita ndithu, chifukwa anali adakali pa pulobeshoni, asanatsimikizidwe pa ntchito, ndipo munthu wa pa pulobeshoni sakana ngakhale ketulo.

Ankachita lendi ku Kawale. M'mawa uliwonse ankakwera minibasi ziwiri, ina yomusiya kudepoti, ina yokwera naye kuphiri, n'kufika ena onse asanafike. Ntchito yake yeniyeni inali m'kachipinda kopanda windo kumapeto kwa khonde. M'menemo munali seva, kompyuta yaikulu yosunga mafailo a dipatimenti yonse. Kwa chaka ndi theka Chitemwa anajambula mafailo akale a antchito, odyedwa ndi chiswe, onunkha mikodzo ya makoswe, tsamba ndi tsamba, n'kuwalowetsa m'makinawo. Failo yomwe kale ankaifuna milungu itatu tsopano inkatuluka munthu asanamalize kupereka moni. Woyamikira panalibe. Disiki yomwe ankasungirako kope lachiwiri anaibwereka a Greenwell, mkulu woyang'anira maofesi, kuti aikemo zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo, ndipo sinabwerenso.

Kumapeto kwa Okutobala kunali chionetsero cha ntchitoyi pamaso pa akuluakulu a unduna. Zikayenda bwino, Dairekita asaina kalata yomutsimikizira Chitemwa pa ntchito. Zikapanda kuyenda, ndiye kulongedza wa ku Rumphi.

Ndiye kumayambiriro kwa mweziwo, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera Dairekita watsopano, a Maynard Chinkhota a ku Area 11. Anapeza eyakoni ya mu ofesi mwawo, makina oziziritsa mpweya aja, itafa kalekale. A Greenwell anachita manyazi ngati maliseche awo aonekera. Muwadziwe bambo amenewa: ankayenda ndi mndandanda m'thumba la malaya, wonena chomwe giredi iliyonse iyenera kukhala nacho. Wa giredi yapamwamba, kapeti, firiji, makatani ndi eyakoni. Wapakati, kapeti yokha. Wonga Chitemwa, tebulo ndi mpando, nawonso akapezeka. Mndandandawo ankaukhulupirira kuposa Baibulo, ngakhale anali mkulu wa mpingo.

Anayendera ofesi ndi ofesi mpaka anatsegula kachipinda kaja. Mphepo yozizira inawawomba kumaso.

"Achemwali, muno mumakhala ndani?"

"Simukhala munthu, abwana," anatero Chitemwa. "Eyakoniyi ndi ya seva. Ikatentha kwambiri imafa."

A Greenwell anatulutsa pepala lawo, n'kuyendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. "Seva sindikuiona apa. Ndiye Dairekita wathunthu azipukuta thukuta ndi kansalu, chitsulo chikupuma mphepo?"

Lachisanu lake amisiri anabwera ndi makwerero. Pakhoma panatsala chibowo ndi mawaya awiri.

Chitemwa sakanagogoda pakhomo la Dairekita n'kufotokoza, ngakhale khomolo linali masitepe makumi awiri okha kuchokera pomwe ankakhala. Ku boma sizitero. Wamng'ono amalemba memo, memoyo n'kudzera mwa womuyang'anira, womuyang'anirayo n'kuipereka kwa womuyang'anira wake. Analemba masamba awiri, chilichonse momveka, kutentha komwe seva imapirira ndi komwe siingapirire. Womuyang'anira wake anali ku semina ku Salima. Atabwera anasaina, memo n'kupita kwa a Greenwell omwewo, iwo n'kuikhalira masiku asanu ndi limodzi. Masitepe makumi awiri, mayi wanga ine, pepala linayenda milungu iwiri ndi theka.

Podikira, Chitemwa ananyamula fani ya kunyumba kwake, kuifukata pamiyendo m'minibasi kondakitala akulalata kuti ilipire mpando. Anaiika kutsogolo kwa seva, chitseko n'kuchigwiriza ndi njerwa kuti mpweya uzilowa. A Greenwell anachotsa njerwayo, poti chipinda chokhala ndi katundu wa boma chiyenera kukhala chokhoma. Chitemwa anayesa kumazimitsa makinawo masana aliwonse. Anthu omwe sanayamikirepo ntchito yake aja anakathamangira kukadandaula kuti mafailo sakutseguka, ndipo kunabwera lamulo lakuti asadzayerekezenso. Lamulolo silinayende milungu iwiri ndi theka ayi, linafika tsiku lomwelo. Mtima unkamupweteka akamva seva ikulira ngati chigayo, akaigwira n'kuotcha dzanja. Anachita mantha, ndipo anakwiya, koma wokwiyira panalibe.

Tsiku la chionetsero akuluakulu anakhala m'chipinda cha misonkhano, aliyense botolo la madzi patsogolo. A Chinkhota analankhula mphindi makumi anayi za masomphenya awo pa nkhani ya luso lamakono, iwo amene imelo amachita kuwasindikizira papepala kuti aiwerenge. Kenako anati, "Wa makompyuta, tionetseni."

Chitemwa analemba dzina loyamba. Failo inatuluka, anthu n'kuwomba m'manja. Analemba lachiwiri. Pakhoma pomwe ankaonetsera mafailo panangoyera mbee. Anathamangira kumapeto kwa khonde, ndipo asanatsegule n'komwe anamva fungo la pulasitiki yopsa. Ntchito ya chaka ndi theka inapsera m'menemo. Akuluakulu anadya masamusa awo, n'kumapita.

Patatha sabata anamuitana kwa Dairekita, kulowamo koyamba chiyambireni ntchito. Munkazizira ngati ku Dedza mu Juni. A Chinkhota anali atavala jekete, bokosi la mapepala opukutira mamina lili pambali. Anamukankhira kalata. Inati sadzatsimikizidwa pa ntchito chifukwa cholephera kusamala katundu wa boma.

"Ndinalemba memo, abwana."

"Tinaiona. Tinayankhanso."

Anatsegula failo n'kumuonetsa. Memo inalimodi, yodindidwa kanayi. Pakona yake a Chinkhota anali atalemba mzere umodzi wopita kwa a Greenwell: "Makinawa ali pa giredi yanji?" Pansi pake a Greenwell anayankha mwaulemu wonse: "Alibe giredi, bwana." Nkhani inathera pomwepo, failo n'kubwerera kushelefu.

Chitemwa anapinda kalata yake bwinobwino. Misozi inali pafupi, koma anakana kuigwetsera pa kapeti ya munthu ameneyu. Atafika pachitseko, a Chinkhota anayetsemula.

"Musanapite, achemwali, tandionereni karimoti aka. Chinthuchi chikuzizira mopyola, mpaka ndadwala nacho chimfine. A Greenwell akanika. Inu a makompyuta mumazidziwa izi."

Analandira rimotiyo. Inali yomwe ija ya eyakoni ya m'chipinda cha seva, yomatidwa selotepi kumbuyo, ikuonetsa 18. Nambalayo anaiika yekha chaka chatha n'kukhoma mabatani kuti wina asadzaisinthe. Kumasula kwake kunali kungodina mabatani awiri pamodzi. Anaiyang'ana pang'ono, n'kuibwezera patebulo.

"Ili bwinobwino, abwana. Ikuziziritsa seva."

Anapita kumapeto kwa khonde kukatenga fani yake, n'kutsika nayo kukadikira minibasi.