Milamba ya m'chitsime cha a Fanuel

Malemu alamu anga a Fanuel anali munthu wouma mutu, ndipo ndinkawauza pamaso, osati kumbali. Anakwatira mkulu wanga Anasi ine ndili kamtsikana, n'kubwera kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu muno, kuseri kwa Kachebere, kumene ukangopitirira pang'ono potola nkhuni umapezeka uli m'Zambia.

Kulima ankalima ngati wina aliyense, koma mtima wawo unali ku Chankhanu, kamtsinje kotsika m'phiri kamene m'chilimwe ngakhale nkhalamba imakalumpha. Ankaluka mono ndi kukatchera padziwe la patsinde pa mkuyu. Ankabwerako ndi matemba, nkhanu, tsiku lamwayi mlamba. Tinsomba tating'ono ankatibwezera m'madzi, ine n'kumakuwa ndili kochapa: "Alamu, ndiwo zimenezo mukutayazo!" Iwo osatembenuka n'komwe: "Mlamu, kwanu kuno mumadya mbewu?"

Atangobwera matipate, kunafika anthu okumba miyala, ena ochokera ku Chipata, ena ku Lilongwe. Akuti m'phirimo munali miyala yamtengo wapatali. Anakumba maenje kumtunda kwa kamtsinje, dothi n'kumatsukira m'madzi momwemo, miyala yosafunika n'kumaunjika m'mbali. Inali miyala yotuwa, yokhala ndi timadontho tonyezimira. Anyamata athu anapeza ganyu, ndiye palibe anatsegula pakamwa. Madzi anasanduka ngati thobwa, ife n'kumati adzadikha.

Kudikha kuti! Mvula itagwa, m'milu ya miyala ija munayamba kuchucha madzi ofiira ngati dzimbiri, onunkha machesi. Ukachapa nsalu yoyera inkabwera yachikasu. Ukaimamo miyendo inkayabwa mpaka kukanda ndi chitsononkho. Achule anasiya kulira, nkhanu zinatha, kenako matemba anayandama mimba zili m'mwamba. Ena anati pali amene wathira katupe wophera nsomba, ndipo anatola nsombazo n'kukakazinga.

A Fanuel sanatole yakufa ngakhale imodzi. Analowa m'dziwe ndi ndowa, n'kumagwira milamba imene inali ikupumabe, chifukwa mlamba ndi nsomba yolimba, sufa msanga. Anakaiponya m'chitsime cha kudimba kwawo, kutsidya kwa chitunda, kumene madzi ake amachokera kwina. Kuika mlamba umodzi m'chitsime kuti uzidya tizilombo ndi zodziwika kuno. Koma iwo anaikamo yambiri, n'kumaidyetsa gaga ndi chiswe ngati nkhuku.

"Imeneyi ndi mbewu ya Chankhanu," anatero. "Okumbawa ndi alendo, adzapita. Akadzapita ndidzabzala."

Tinaseka. Ine ndiye ndinaseka mpaka misozi, n'kumawatchula kuti m'busa wa nsomba.

Kuseka kunatha mu 2002. Amene anaiona njala imeneyo safuna kuikumbuka. Tinadya zitsa za nthochi, gaga amene ankapita kuchitsime uja tinayamba kulimbirana ndi ana. Anasi anadwala, mapazi kutupa, chakudya osalowa. Ndisawanamizire alamu anga: njinga anagulitsa, kaphala kawo ankamusiyira mkazi wawo, iwo n'kumagona ndi madzi. Koma tsiku lina Anasi anandinong'oneza kuti, "Consolata, mtima wanga ukufuna msuzi wa mlamba. Pang'ono pokha, wothira mchere."

Ndinapita kwa a Fanuel. "Alamu, mwamva? Akufuna msuzi. Pitani mukavuule umodzi."

Anatenga ndowa n'kupita. Anakakhalitsa. Pobwera m'ndowamo munali chisoso. Anagwada pamphasa n'kumutchula mkazi wawo ndi mfunda wake, monga ankachitira nthawi zonse. "ANaphiri, yatsala yochepa, ina inadyana. Ndikachotsapo umodzi, mwina ndichotsa waukazi. Pirirani, chimanga chatsala pang'ono kukhwima."

Ndinalalata, abale. Ndinawatukwana mawu amene sindingawabwereze ndili mayi wa Chikatolika. Anasi anangoti, "Asiye, udziwa mmene alili," n'kutembenukira kukhoma. Anamwalira mondokwa asanayambe kudyedwa. Sindikunena kuti msuzi ukanamuchiritsa, iyayi. Koma anapempha, ndipo chinali chinthu chomaliza chimene anapempha.

Titameta maliro, akuluakulu anawasudzula kuti abwerere kwawo kwa Dambe, monga mwa mwambo wa mkamwini woferedwa. Anakana. Anapempha kuti awasiyire kanyumba ndi dimba basi. Tonse tinadziwa kuti chikuwasunga ndi chitsime. Ine ndinasiya kuwapatsa moni. Tikakumana panjira ndinkayang'ana kuthengo, ndipo mumtima ndinkawada kwambiri.

Patapita zaka zingapo miyala yabwino inatha, okumba aja n'kupita monga ananenera a Fanuel. Anasiya maenje ndi milu yawo ija. Kutsuka dothi kutaleka, Chankhanu anayera. Mbee! Madzi oyera kuposa a pamjigo, mwala uliwonse wapansi kumaoneka.

Tsiku lina m'mawa ndinamva "Odi" pakhomo. Anali iwo, atavala malaya awo a kutchalitchi.

"Mlamu, Chankhanu wachira. Ndikukabzala lero. Ndimati mudzaone, popeza mkulu wanu kulibe."

Ndinafuna kukana, koma mawu omalizawo anandifoola. Ndinawathandiza kusenza ndowa. Milamba inali itatsala itatu yokha, ikuluikulu ngati mkono wa munthu, yakuda bii.

Padziwe paja panali zii. Miyala yapansi inali yofiirira, ndere kunalibe, mbululu kunalibe, ngakhale tizilombo toyenda pamwamba pa madzi. Ndinaziona zonsezi, koma sindinaganize kanthu. Chibadwire timadziwa kuti madzi akuda ndiwo oipa, oyera ndi abwino. Nanga akanatiuza ndani kuti milu ija inali ikuchuchabe, ndipo kuti madzi angayere chifukwa chakuti mulibenso chamoyo? Mlangizi wa zaulimi ndi amene anadzatiuza pambuyo pake kuti mvula ikagwa pamiyala yophwanyidwa ija imatulutsa asidi, msuweni wake wa uja wa m'batire, ndipo zimatenga zaka zambirimbiri kuti zithe.

A Fanuel anavula nsapato, n'kupendeketsa ndowa pang'onopang'ono. Milamba inalowa, kenako inayamba kuthamanga uku ndi uku, kulumpha, kumenya madzi ndi michira.

"Mwaiona? Yasangalala! Yadziwa kwawo!" A Fanuel, ukulu wonsewo, anaseka ngati mwana, ndipo inenso ndinaseka nawo, koyamba chimwalirire Anasi.

Koma sinasiye kulumpha. Inayamba kutulutsa mitu, kukamwa yasa, khungu litachita zoyera ngati mamina. Umodzi unakwawira pamtunda, kuthawa madzi. Apo ndi pamene a Fanuel anatapa madzi ndi dzanja n'kulawa. Analavula. Nanenso ndinalawa: owawasa, omanga lilime ngati nthochi yosapsa.

Analowa m'dziwe ndi malaya a kutchalitchi omwewo, kuigwira, kuiponya m'ndowa, n'kuthamanga nayo kuchitsime, mwendo uli tsimphinitsimphini. Sizinathandize. Dzuwa lisanafike pamutu yonse itatu inali itayandama.

Anaivuula n'kuiyala paudzu, n'kukhala pansi pambali pake. Ndinali nditasunga mawu ambiri zaka zonsezo oti ndidzawalase nawo tsiku ngati limeneli, koma palibe limene linatuluka. Ndinangoti, "Alamu, tiyeni tikaikwirire. Siyodyedwa imeneyi."

Anasisita mutu wa mlamba waukulu koposa inzake, n'kuutembenuza. M'mimba munkatuluka mazira.

"Mlamu," anatero, mawu ali pansipansi, "bwenzi nditangomuphikira mkulu wanu."